Kusaka boroni mu graphite

Ntchito yanga ndi yosaka chinthu chimene maso sangachione. Amandibweretsera ufa wakuda wa graphite, mwala uja timalembera mu pensulo, ine n'kuyeza boroni amene wabisalamo. Graphite wopita ku ng'anjo za nyukiliya boroni wake asapose magawo 5 pa miliyoni, chifukwa boroni amameza manyutroni, ng'anjo n'kukanika kuyaka. Walther Bothe wa ku Germany anayeza graphite wosayera mu 1941, akwawo n'kuganiza kuti mwalawu ngwachabe. Enrico Fermi, atapeza woyera bwino, anayatsa ng'anjo yoyamba ku Chicago pa 2 Disembala 1942.

Ufawo ndimausakaniza ndi laimu ndisanauike mu uvuni wa madigiri pafupifupi 900. Popanda laimu boroni amathawa ndi utsi, iwe n'kulemba kuti mwala ngwoyera pamene suli choncho. Phulusa lotsala limachepa ngati fodya wamphuno. Ndimalisungunula mu asidi, n'kudonthezamo curcumin, mankhwala achikasu ochokera ku turmeric. Boroni akakhalamo, madziwo amafiira, ndipo makina amawerenga kufiirako.

Chovuta kwambiri ndi ukhondo. Mabotolo agalasi a mu labu amapangidwa ndi boroni yemweyo, choncho ine ndimadalira apulasitiki. Nthawi zonse ndimayezanso mbale imene sindinaikemo graphite. Ikafiira imeneyo, ntchito yonse ya tsikulo ndimataya.

Kwathu ndi kummwera kwa Mzimba, dera la niobium wa ku Kanyika, kumenenso anthu amakumba aquamarine ndi tourmaline pamanja. Graphite wochuluka ali ku Lilongwe, ku Malingunde ndi ku Kasiya kumene kuli kampani ya Sovereign Metals, komabe akwathu sasiya kunditumizira miyala yakuda yothimbirira zala kuti ndiwaonere. Vuto ndi thumba lonyamuliramo miyalayo. Tourmaline ali ndi boroni pafupifupi magawo 3 pa 100, ndiye kambenthu kake kamodzi kakagwera mu ufa, graphite wabwinobwino amaoneka wachabechabe, mwini wake n'kumati makina anga ndi abodza.

Inu okumba miyala, chitsanzo chilichonse chizikhala m'pulasitiki yakeyake yatsopano, yomanga bwino, yolembedwa malo amene mwachitenga. Thumba la feteleza kapena lomwe munanyamulira tourmaline musayerekeze n'komwe, ndipo mtondo wosinjira miyala ina usakhudze graphite.