Ulendo Womaliza wa Bambo Anga

Kwathu ndi m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi mishoni ya Nankhwali. Monga amuna ambiri a boma la Mangochi, bambo anga anapita ku Joni kukafuna ntchito. Ankasoka zovala mumzinda wa Johannesburg, ndipo ndalama zimene ankatumiza ndi zimene zinkatilera ife ana asanu.

Mu July 2021 mliri wa Covid-19 unawatenga. Kubweretsa thupi kuchokera ku South Africa kumafuna makalata ambiri ndi ndalama zochuluka, ndipo masiku amenewo malamulo anali okhwima. Anzao anasonkha, koma sizinakwane. Pamapeto pake anaimbira mayi foni kupempha chilolezo choti thupi liwotchedwe. Mayi anavomera akulira. Koma agogo, amayi ao a bambo, atamva anangoti, "Mwana wanga si nkhuni," ndipo analetsa kutchula nkhaniyi pakhomo. Kwathu sitiwotcha maliro, ndipo abale athu Achisilamu amene tinayandikana nawo chipembedzo chao chimaletseratu. Motero phulusa linatsala ku Joni, pamwamba pa kabati ya mnzao wa bambo, zaka 3.

Nditalowa ku seminale, nkhaniyi ndinkaibisa. Mumtima ndinali ndi funso limene linkandisowetsa tulo: kodi munthu wosanduka phulusa adzauka bwanji pa tsiku lomaliza? Chaka chilichonse pa Lachitatu la Phulusa, wansembe akamandilemba mtanda pamphumi, ndinkaganiza za kabati ija.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kukaulula zonse kwa Bambo wotithandiza pa zauzimu. Iwo anandifunsa kuti, "Mwana wanga, nanga asodzi amene anamira m'nyanja muno osapezeka, Mulungu adzalephera kuwaukitsa?" Anandifotokozera kuti Eklezia Katolika analola kuwotcha maliro mu 1963, ndipo buku la malamulo a Eklezia la 1983 limati kuika thupi m'manda ndiko kokomera, koma kuwotcha sikoletsedwa ngati munthu sakuchitira kukana chikhulupiriro. Anaonjeza kuti mu 2016, ndi chivomerezo cha Papa Francis, ku Roma kunatuluka malangizo akuti phulusa liikidwe pa malo oyera monga kumanda. Lisamasungidwe m'nyumba, ndiponso lisamwazidwe pamtunda kapena m'madzi. Pamenepo ndinazindikira kuti chotsala chinali chimodzi: bambo anga anali asanaikidwe.

Pa tchuthi cha August 2024 ndinanyamuka ndi bambo aang'ono pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Bwana amene bambo ankagwirako ntchito atamva chimene tadzera, anatigulira matikiti a ndege obwererera. Anatilangiza kuti tisataye makalata awiri, kalata ya imfa ndi kalata yochokera kumene anawotchera thupi. Anatinso bokosi likhale lathabwa, chifukwa makina ounikira katundu amavutika kuona za m'kati mwa chitsulo chochindikala, ndipo tiliike m'chikwama cha m'manja.

Bokosilo silinapitirire makilogalamu 3. Munthu amene ankandinyamula paphewa popita kukagula usipa kugombe, tsopano ndinkamunyamula ndi dzanja limodzi. Pa bwalo la ndege la O. R. Tambo mayi wina wofufuza katundu anawerenga makalata aja, n'kundiyang'ana, n'kupepesa motsitsa mawu. Chikwama chinalowa m'makina pakati pa masutikesi a anthu ena, ine mtima uli m'mwamba, mpaka chinatulukira mbali inayo.

Aka kanali koyamba kuti ndikwere ndege. Ponyamuka anatiuza kuti zikwama zikhale pansi pa mpando, ndipo zinandiwawa kuika bambo anga kumapazi. Titangokhazikika m'mwamba ndinawatenga n'kuwaika pamiyendo, ndi kuyamba kolona. Ulendo umene pa basi unatidyera masiku oposa awiri, pa ndege unangotha maola awiri ndi pang'ono. Titatera pa Chileka tinakwera minibasi kudzera ku Liwonde ndi Ulongwe, ndipo nditaona madzi a nyanja ya Malombe ndinanong'ona kuti, "Bambo, tayandikira kwathu."

Mantha anga onse anali pa agogo. Titafika anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatambasula manja. Analandira bokosi lija, n'kulikulunga m'chitenje chao, n'kulibereka kumbuyo monga khanda. Apo m'pamene analira maliro amene anawasunga zaka zonse zija, ndipo mudzi wonse unalira nawo.

M'mawa mwake adzukulu anakumba manda aang'ono pafupi ndi a agogo aamuna. Bambo Mfumu anapereka nsembe ya Misa, nadalitsa mandawo ndi madzi odalitsidwa, monga achitira ndi maliro ena onse. Akhristu a m'mphakati anaimba, ndipo anansi athu Achisilamu anabwera ndi ufa ndi nkhuni. Akuluakulu sananame kuti maliro n'kulirana.

Anzanga aseminale, mawa lino ena a ife tidzakhala ansembe m'maparishi mmene nyumba zambiri zili ndi wina ku Joni. Mafunso otere adzatipeza, ndipo anthu adzafuna yankho loona lonenedwa mwachifundo. Inu makolo, ngati muli ndi phulusa la mbale wanu kutali kapena m'nyumba, musachite manyazi monga ndinachitira ine. Kaonaneni ndi Bambo Mfumu wanu.

Tsopano tili ndi manda oti n'kumakalambula ndi kupempherapo pa 2 November. Ndikupemphani muwakumbukire bambo anga m'mapemphero anu. Mzimu wao uuse mu mtendere.