Mnyamata wapabenchi uja sindimuiwala

Abale inu, nditafika ku Lincoln, Nebraska, ku Amereka kukachita maphunziro mu 1994, mpira wawo ndinkangouseka. Mpira wanji wooneka ngati papaya, wothawa nawo m'manja, anthu n'kumagundana ngati nkhosa?

Komatu chaka chimenecho timu ya yunivesite yathu, Cornhuskers, inandigwira mtima. Katswiri wogawa mpira, Tommie Frazier, anadwala: magazi anaundana m'mwendo. Tonse tinati basi, zada.

Kochi Tom Osborne anadzutsa Brook Berringer pabenchi. Mnyamatayu anatsogolera magemu 7 osagonja olo kamodzi, pena akusewera phapo litavulala.

Pa 1 Januwale 1995 timuyi inaswa Miami 24-17 mu Orange Bowl n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Koma Frazier anali atachira, ndipo ulemu waukulu unapita kwa iyeyo. Berringer anabwerera pabenchi osadandaula. Mu Epulo 1996 anamwalira pangozi ya ndege, ali ndi zaka 22 zokha.

Inetu kuntchito andidumphapo kawiri pokweza anthu, thukuta ndikukhetsa ndine. Kalata yosiyira ntchito ndinailemba ndithu. Nditakumbukira Brook, ndinaing'amba. Kaya inu mukanatani?