Fungo la pulasitiki wopsa ku Leeds

Nyumba zambiri za lendi kuno ku Leeds n'zoyala kapeti ponseponse, kuchipinda, pabalaza, ngakhale pamasitepe. Tsache silithandiza pa kapeti chifukwa fumbi limakabisala mkati mwa ubweya wake. Munthu wopanda makina okoka fumbi, aja kuno amangoti huva, sachedwa kuyambana ndi eni nyumba. N'chifukwa chake mtima unandipweteka huva yanga itayamba kungolira osatola ngakhale kanyenyeswa.

Vuto linali pachigongono cha pulasitiki, pamene paipi yofewa imakumana ndi yachitsulo. Panachita mng'alu. Makinawa amadalira mpweya: mota imaukoka mwamphamvu, mpweyawo n'kunyamula fumbi. Panjira pakakhala poboola, mpweya umalowera pamenepo, ndipo kukamwa kwa huva pansi paja sikukokanso kanthu.

Kusitolo mnyamata anandiuza mwaulemu kuti chigongonocho sichigulitsidwa pachokha. Anati ndigule paipi yonse, apo ayi huva yatsopano, popeza malipiro a mmisiri angapose mtengo wa makinawo. Sananame ayi. Kuno manja a munthu ndi odula kuposa katundu. Mu 2021 boma la Britain linaika lamulo loti opanga mafiriji, makina ochapira ndi mawailesi a kanema azigulitsanso masipeyala, koma huva sanaiphatikizemo. Mukapita kumalo otayirako zinthu a khonsolo mupeza zida zamagetsi zili mulu, zina zangothyoka pogwirira basi.

Ndili m'basi pobwerera, maganizo anga anali ku Ndirande. Pafupi ndi msika pankakhala bambo ena okonza mabeseni, ndowa ndi zigubu. Zida zawo zinali mbaula, waya, msomali ndi kachitsulo kophwatalala kamene kankakhala pamakala mpaka kufiira. Mayi akandituma ndi beseni losweka, bambowo ankaligogoda ndi chala, n'kufufuza m'thumba la zibenthu mpaka atapeza chofanana nalo. Chibenthu cha mtundu wina ankachikana ngakhale chikhale chokongola. Ankayamba ndi kuboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, kenako n'kusoka ndi waya, n'kumata pamwamba ndi pulasitiki wosungunula. Panthawi yonseyo pakamwa sipankapuma: mayi adzuka bwanji, sukulu ikuyenda bwanji, nanga Bullets ndi Wanderers apambana ndani Loweruka. Amayi ena ankakhala pabenchi kudikira ndowa zawo, nkhani za maliro ndi za mtengo wa ufa zili mkati. Beseni limenelo tinachapiramo zaka zambiri, chipsera chake chakuda chikuonekera patali.

Nditafika kunyumba ndinazula pulagi, n'kutembenuza chigongono chija. Mkati mwake munali zilembo ziwiri, PP. Pulasitiki ameneyu ndi yemwe amapangira ndowa ndi mabeseni ambiri, ndipo supagulu samugwira, amangouma pamwamba n'kumatuka. Chomwe chimamugonjetsa ndi moto, pakuti amasungunuka akatentha kufika cha m'ma digiri 160. Bambo aja ankazidziwa zonsezi ndi chala ndi mphuno, popanda wowawerengera zilembo. Ndinabwereka kachitsulo kowotcherera mawaya kwa mnzanga wa ku Zimbabwe amene timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba. Chibenthu ndinachidula pa kontena ya majarini yokhala ndi nambala 5 pansi, imene ndi chizindikiro cha pulasitiki yemweyo. Ndinatsuka mng'aluwo, kuboola tibowo kumapeto kwake, kumiza timawaya tifupitifupi mopingasa, kenako kumata pang'onopang'ono mpaka msoko wonse unatsekeka. Zenera ndinatsegula ngakhale kunja kunali chisanu choluma, chifukwa utsi wa pulasitiki si wabwino m'chifuwa, komanso alamu ya utsi ikalira nyumba yonse imadzuka.

Fungo lija litandifika m'mphuno, manja anaima. Munali mu Disembala, mdima utagwa kale folo koloko isanakwane, koma ine ndinali pamsika dzuwa likuswa mtengo, makala akuthetheka, mayi akudikira beseni lawo kunyumba. Misozi inatsika ndithu. Ndinakumbuka kusesa kwa m'mamawa, matsache akulira khomo ndi khomo kusanache bwino, moni akudutsa pamwamba pa mpanda wa udzu, mizere ya tsache itatsala pabwalo. Huva imayeretsa, sindikana, koma imasokosera moti munthu sungamve ngakhale wogogoda pakhomo, ndipo umaikoka uli wekha, zitseko zonse zili zotseka.

Kuno nakonso aliko anthu amene kutaya zinthu kumawawawa. Amasonkhana m'maholo a matchalitchi ndi m'malo ena pa zimene amazitcha Repair Café, zomwe mayi wina dzina lake Martine Postma anayambitsa ku Amsterdam mu 2009. Amakonza zinthu kwaulere, tiyi ali pambali, ndipo ndimawalemekeza kwambiri. Kungoti ambiri amakumana kamodzi pamwezi, pamene bambo aja ankapezeka tsiku lililonse, ndipo ana awo ankadya ndi kuphunzira ndi ndalama ya mbaula yomweyo.

Huva ikukoka bwino tsopano, msoko wake ndi wonyansa koma ndi wolimba. Inu amene muli kumudzi, mukapita ndi ndowa yosweka kwa amisiri oterewa, musawanenerere mpaka kuwasiya ndi ya makala yokha. Apatseni imene atchula, ndipo mundiperekereko moni.