Mwana akayamba kukana nsima

Ntchito yanga ndi kulera ana amene si anga, makamaka aja ovuta kuwapezera pokhala: ozunzidwa, odwala khunyu, ndi ena amene anakhala okha nthawi yaitali makolo atamwalira. Amabwera nawo ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, potsata lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010, lomwe limalola kuti mwana aleredwe pabanja lina. Amandisiyira mwanayo, buku lake la kuchipatala ngati lilipo, ndi mbiri yodukaduka.

Masabata oyamba mwana amakhala wabwino mopitirira muyeso. Amasesa asanatumidwe, salira, chilichonse ndi "inde amayi". Anansi amayamikira, koma amenewo ndi mantha. Ukamayalula mphasa umapeza mbamu ya nsima itabisidwa, poti mwanayo sanakhulupirire kuti mawanso moto uyaka. Sindimukalipira. Ndimamupatsa kambale kakekake kovundikira kuti azisungamo poyera, ndipo pakapita nthawi amakaiwala yekha.

Thupi ndilo limachira msanga. Phala la likuni, mankhwala a njoka za m'mimba, kusamba tsiku ndi tsiku, basi sikelo yayamba kukwera. Wa khunyu akamamwa mankhwala osadumphitsa, kugwa kumachepa. Tulo ndi tomwe timachedwa kubwera, ndipo kukodza pogona kumatha pambuyo penipeni.

Kenaka imafika nyengo imene olera ambiri amagwa nayo mphwayi. Mwana wofatsa uja amayamba mwano, kuswa makapu, kutemetsa nkhwangwa pamwala kuti nsima sadya. Apa ndi pomwe ena amamubweza kuboma, amvekere wasintha, mwina ndi magazi a kwawo. Ine ndimaona kuti akundiyesa: kodi ndikalakwa, amayi awa andithamangitsa ngati ena aja? Kumusamutsa pa nthawi imeneyi ndi kumuyankha kuti inde. Choncho malamulo a panyumba sindisintha, chilango chimakhala chochepa ndi chodziwikiratu, mkwapulo ayi, ndipo madzulo mbale yake imakhala pamalo pake ngakhale masana tinayambana. Kunena n'kosavuta, pena ndimatuluka kaye panja kukapuma.

Sukulu imatsalira m'mbuyo. Mwana wa zaka 10 atha kukhala mu Sitandade 2, choncho kwa aphunzitsi sindiyamba ndi kufunsa kuti wakhala nambala chani. Ndimafunsa ngati amakhala m'kalasi mpaka kuweruka, ndiponso ngati ali ndi mnzake wosewera naye phada kapena mpira.

Achibale akakhalapo, cholinga n'chakuti tsiku lina adzabwerere kwawo, ndiye timakacheza kwa agogo kapena amalume. Tikabwerako, nthawi zambiri kukodza pogona kumayambiranso kwa masiku angapo. Ndimalemba zonsezi m'kope kuti a kuboma akabwera aone okha mmene zikuyendera, tisanagwirizane za ulendo wina.