ZA BAFA NDI CHIMBUDZI M'SITIMA ZAZIKULU ZA PA NYANJA YAMCHERE

Owerenga athu, ambiri a inu munaiona Ilala, sitima ija imene inayamba kuyenda pa Nyanja yathu m'chaka cha 1951. Tsono pa nyanja zamchere pali sitima zina zimene sizinyamula chimanga kapena matumba a usipa ayi. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kuyendetsa anthu amene ali pa tchuthi. Ina mwa izo, dzina lake Norwegian Epic, ndi yaitali mapazi oposa 1,000, ndiko kuti sitima zisanu ndi imodzi zonga Ilala mutazindandalika, ndipo inyamula alendo oposa 4,000. Zina zotere zimanyamuka pa doko la Durban nyengo ya dzinja kunka ku magombe a Mozambique, ndipo inu amene muli ndi ana ogwira ntchito ku Joni, tsiku lina angathe kukuitanani. Za zakudya ndi magule a m'menemo adzakuuzani okha. Ife tinene chimene iwo adzachita manyazi kutchula.

Kwathu chimbudzi timakumba kuseri, patali ndi nyumba ndi chitsime, monga alangizi a zaumoyo amanenera. Bafa nalo liri pa lokha ndi mpanda wake waudzu. Munthu amangozemba ngati akukaona mbuzi, ndipo palibe womufunsa. Koma m'sitima mulibe kuseri.

Tiyeni tilowe. Mudzayenda m'kanjira kakatali, zitseko uku ndi uku zofanana zonse, kufikira mutapeza nambala yanu. Zipinda zotsika mtengo ziri pakati pa sitima ndipo ziribe zenera. Mukazimitsa magetsi ndi mdima wa ndiwe yani ngakhale masana. Pansi pali makama awiri, ndipo m'zipinda zina makama enanso awiri amatsitsidwa kuchokera kudenga kapena kukhoma madzulo. Wofuna kugona yekha amalipira pafupifupi mtengo wa anthu awiri, n'chifukwa chake abale ndi mabwenzi amasonkherana chipinda chimodzi. Anthu anayi, bafa limodzi.

Bafalo liri pafupi ndi khomo, ndipo kukula kwake ndi ngati mphasa imodzi kapena ziwiri. Polowa nyamulani phazi, pakuti pakhomo pake ndi pokwera. Ambiri amapunthwa chala usiku woyamba. M'katimo aunjika zonse: chimbudzi chokhalapo, beseni losambira m'manja, galasi, ndi kangodya kosambiramo kamene madzi ake amagwa kuchokera pamwamba. Munthu wathupi akagwetsa sopo amayamba waganiza asanawerame. Pali chitsulo chogwirira pakhoma, ndipo musachinyoze, chifukwa pansi ponyowa ndi mafunde sizigwirizana. Kawirikawiri mulinso kachingwe kokoka koyanikira zovala zazing'ono. Koma kumbukirani kuti chimene mwayanika pamenepo mnzanu adzachiona.

Pakati pa chimbudzi ndi mutu wa mnzanu wogona pali mapazi owerengeka ndi kachitseko kopyapyala. Chimene chichitika m'katimo chimamveka. Apa okonza sitima anayesa nzeru zosiyana, ndipo ziwiri ndi zoyenera kuzidziwa.

Pamene Norwegian Epic inamangidwa ku Saint-Nazaire m'dziko la France, niyamba ulendo m'chaka cha 2010, eni ake anati agawe bafa patatu kuti anthu asamadikirane. Polowa m'chipinda, mbali ina kuli kachimbudzi, mbali ina kosambira, ndipo beseni analiika m'chipinda chogona momwemo pafupi ndi kama. Ganizo linali labwino ndithu. Cholakwika chinali zitseko: anaika zagalasi loyera ngati chifunga, loti nkhope siioneka koma chithunzithunzi cha munthu chioneka, ndipo phokoso limangodutsa. Anapachikapo nsalu yokoka yotchinga, koma nsalu sitseka makutu. Alendo ambiri anadandaula, ndipo sitima yotsatira ya kampani yomweyo, Norwegian Breakaway ya 1,000 ndi mapazi ena ya m'chaka cha 2013, inabwerera ku bafa la chitseko chenicheni.

A kampani ya Disney, amene anayamba ndi sitima ya Disney Magic m'chaka cha 1998, anagawanso, koma mwanzeru. M'zipinda zawo zambiri muli tizipinda tiwiri, kena ka chimbudzi ndi beseni, kena kosambira ndi beseni lake, kalikonse ndi chitseko chake chosaonekera. Mayi angathe kusambitsa mwana pamene bambo ali kwinako. Ife tiona kuti kwa banja iyi ndiyo njira yoposa, ngakhale mtengo wa sitima zawo ndi woti mlimi angagulitse khola lonse.

Chifukwa chake mwana wanu akati wagula malo, mufunseni zinthu ziwiri ndalama isanapite: tigona ndi yani, ndipo chitseko cha bafa ndi chotani? Mwamuna ndi mkazi wake palibe mlandu. Mayi ndi mwana wake wamkazi angapirirane. Koma mkamwini ndi apongozi ake, anthu amene kumudzi amapatukirana panjira, musalole kuti awaike m'chipinda chimodzi chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama. Achinyamata okulira m'tauni saganiza zimenezi, ndipo nkhalamba yamanyazi ingathe kudzimana chakudya ndi madzi masiku anayi kuopa kulowa m'bafamo. Kumeneko ndi kudzidwalitsa.

Tsono za chimbudzi chenichenicho. Sichigwira ntchito ngati za m'tauni zimene zimakokolola ndi madzi ambiri. Ichi chimayamwa ndi mphepo, ndipo madzi chimangofuna ngati lita imodzi. Tsekani chivundikiro, dinizani batani, ndipo mudzamva kulira kwakukulu kodzidzimutsa, koti usiku kumadzutsa onse. Musadinize muli chikhalire. Mipope yake ndi yaing'ono ndiponso ndi yolumikizana ndi ya zipinda zoyandikana nazo, choncho wina akaponyamo thewera, kansalu kapena nyuzipepala, watsekera anzake ambiri amene sanalakwe. Ponyanimo pepala lokhalo limene a sitima aikamo.

Makina oyamwawo amadalira magetsi. Mu February 2013 moto unabuka m'chipinda cha injini za sitima ya Carnival Triumph pa nyanja ya Gulf of Mexico. Magetsi anazima, zimbudzi zambiri zinaleka, ndipo anthu oposa 4,000 anapatsidwa timatumba tofiira todzithandiziramo kufikira sitimayo anaikokera ku doko la Mobile ku America patapita masiku anayi. Zotere sizichitika kawirikawiri, koma amene anali m'menemo akadakondwa ndi dzenje lakwathu.

Anthu ozolowera maulendowa amapangana tsiku loyamba lomwe: uyu asamba m'mamawa, uyu madzulo, ndipo wina akafuna kuvala enawo amatuluka kukaona nyanja. Dziwaninso kuti pafupi ndi zipinda zodyera ndi malo a masewero pali zimbudzi za onse, za amuna pa zokha ndi za akazi pa zokha, ndipo antchito amazitsuka kawirikawiri. Mukangokwera, funsani wantchito wa m'chipinda chanu akusonyezeni chimene chiri pafupi, ndipo muloweze njira yake kusanade.