Nambala ikamatsetsereka pa lebulo

Sabata yatha kunabwera bambo wina atanyamula mpukutu wa malebulo omwe anakasindikizitsa kwina pamtengo wozizira. Anali omata pa madilamu a penti, UN 1263, kalasi 3, ofiira aja okhala ndi lawi la moto. Lebulo yoyamba inali bwinobwino. Nditafunyulula mpaka pakati ndinapeza nambala itakwera pamzere, ndipo chakumapeto 3 wa pangodya ya m'munsi anali atadulidwa theka. Iwo amvekere, "Aphiri, ingokonzani pang'ono." Ndinawauza kuti inki ikagwira yagwira, tiyambe mwatsopano. Atamva mtengo anagwira pakamwa.

Anthu amaona ngati lebulo ya katundu woopsa ndi sitika wamba. Ili ndi miyezo yake: mbali iliyonse isachepere mamilimita 100, mzere wamkati utalikire mamilimita 5 kuchoka m'mphepete. Petulo ndi UN 1203, dizilo ndi UN 1202. Nambala yomalizayo ikaduka, wozimitsa moto pamsewu wa ku Mwanza adziwa bwanji chomwe chikutayika?

Zolowetsa riboni ndi kuyatsa makina sindinena, mwana aliyense amadziwa pa tsiku limodzi. Luso lili pozindikira mtundu wa kusokonekerako. Zilembo zikaphonya malo mofanana pa lebulo iliyonse, vuto lili mu kompyuta, mumangozisuntha basi. Zikapendekeka, onani tizitsulo togwira mpukutu m'mbali, kapena mutu wosindikizira ukupsinja kwambiri mbali imodzi. Koma zikamatsetsereka pang'onopang'ono, lebulo iyi milimita imodzi, yotsatira awiri, kompyuta musayikhudze n'komwe. Apa ndi pomwe anyamata otchipitsa aja amagwera. Amasuntha zilembo pa sikirini, zisanu zoyamba n'kutuluka bwino, iwo n'kupita kukagula chipisi makina akulavula zinyalala.

Makina anga a Zebra ali ndi kadiso kamene kamawalitsa kuwala kudutsa pepala lapansi kuti kaone mpata wa pakati pa malebulo. Lebulo wamba ya ngodya zinayi siivuta, mpata wake ndi wofanana paliponse. Koma yathuyi ikamalowa motsogoza nsonga, mpata umapapatiza pakati n'kumatambasuka chakumbali. Kadiso kakasuntha pang'ono kuchoka pamalo pake, makina amayamba kuwerenga utali wolakwika. Ndimakasuntha ndi chala mpaka kafike pomwe nsonga ziwiri zayandikana, ndikapukute fumbi, kenako ndiwauze makina ayezenso pepala. Zikakanika ndimayang'ana rola ya labala yomwe imakoka pepala. Ikamatirira guluu kapena ikasalala ndi ukalamba, pepala limaterera. Kansalu konyowetsa ndi sipiriti kamathetsa mlandu womwe ena amautayira mipukutu itatu. Masiku ano ndimakonda kugula mipukutu yokhala ndi kamzere kakuda kumbuyo, chifukwa kadiso sikasochera nako, ngakhale ndi yokwera mtengo.

Kuyang'ana kotereku ndinakuphunzira kwa mdala wina ku Limbe, pa makina akale osindikiza mtundu umodziumodzi. Tinkayamba ndi wofiira, uume, kenako wakuda. Iye ankatenga pepala loyamba ndi la nambala 50, n'kuwasanjikiza, n'kuwakweza pawindo kuti dzuwa liwalire. Mizere ikapanda kugonerana ankangoti, "Mwanawe, zimitsa." Sankakalipa. Ankakupatsa mulu wonse wowonongekawo kuti uuwerenge wekha, pepala limodzilimodzi, mpaka manyazi akugwire. Tsiku lina ndinawerenga mpaka mdima, iye atakhala pampando akumwa tiyi, osandithandiza ngakhale limodzi. Mpaka lero ndimang'amba lebulo yoyamba ndi ya 50 n'kuzikweza pawindo.

Za riboni ndiye sindinyengerera. Katundu wopita pa sitima yapamadzi kudzera ku Beira kapena Nacala, malamulo a IMDG amafuna kuti lebulo yake iwerengekebe ngakhale itakhala m'nyanja miyezi itatu. Riboni ya wax pa pepala wamba imafufutika ndi chala chonyowa. Ine ndimaika ya resin pa lebulo ya pulasitiki, ndipo kasitomala akayamba kunenerera mtengo ndimamupatsa lebulo imodzi kuti aikande ndi chikhadabo.

Bambo aja anaikanda, anaithira madzi a m'botolo lawo, anaikandanso. Anachoka osanena kanthu. Lachinayi anabweranso ndi oda ya malebulo 2,000, koma akupemphabe kuti ndiwachotsereko kangachepe.