Musanakawedze ku Monkey Bay, konzekerani mafunde

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale a ku Blantyre ndi Lilongwe amene masiku ano akumabwera kuno ku Monkey Bay kudzawedza nsomba mongosangalala. Ndakhala ndikuperekeza alendo otere kwa zaka zingapo, ndipo chimene chimawononga maulendo ambiri ndi nseru ya pamadzi.

Doko lathu limapusitsa. Lazunguliridwa ndi mapiri, choncho madzi ake amakhala bata, n'chifukwa chake sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda mu 1951, imakocheza pano. Koma boti likangotuluka kulowera ku Domwe, Thumbi ndi Mumbo, kumene kuli ncheni ndi kampango, nyanja imasintha nkhope. Ndaonapo abambo amphamvu zawo atagona chafufumimba m'boti, mbedza zili poteropo, mafuta atalipira kale.

Vuto limayambira m'khutu. Mkati mwa khutu muli tiziwalo tomwe timauza ubongo kuti thupi likugwedezeka. Maso akamayang'ana pansi pa boti kapena pa foni, amauza ubongo kuti zonse zili phee. Mauthenga awiriwa akasemphana, munthu amayamba kuyasamula, kutuluka thukuta lozizira, chizungulire, kenako kusanza. Woyendetsa boti sadwala kawirikawiri chifukwa maso ake amaona funde lisanafike.

Choyamba, sankhani nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera chakummawa, ndipo a zanyengo amachenjeza pa wailesi ikamabwera. Akachenjeza, khalani kumtunda. Nyanjayi si yochita nayo masewera: mu 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto ndipo anthu oposa 140 adafa. Funsaninso asodzi a ku Chembe kapena ku Msaka, amadziwa kuwerenga mitambo. Nthawi zambiri kum'mawa madzi amakhala odekha kusiyana ndi masana.

Chachiwiri ndi mimba. Usiku woti mawa ulendo, gonani mokwanira ndipo mowa muupewe. M'mawa idyani pang'ono, phala kapena buledi ndi tiyi wa jinja. Tchipisi ndi kanyenya zidikire mukabwerako. Osakweranso ndi njala, chifukwa mimba yopanda kanthu imachita nseru msanga.

M'botimo khalani pakati, pamene sipagwedezeka kwambiri, nkhope kutsogolo, kutali ndi utsi wa injini. Maso akhale pa phiri kapena pamene madzi akumana ndi thambo. Mbedza mangiranitu kumtunda, poti kuwerama n'kumalowetsa ulusi pa kabowo ndiye kuitana chizungulire. Nyambo ya usipa muivundikire, fungo lake padzuwa silisiya munthu bwino. Imwani madzi pang'onopang'ono ndipo valani chipewa.

Mankhwala alipo, monga cinnarizine ndi promethazine, koma amagwira ntchito mukamwa musanakwere, osati nseru itayamba. Amagonetsa, ndiye woyendetsa boti kapena galimoto asamwe, ndipo osaphatikiza ndi mowa. Amayi oyembekezera, ana ndi odwala matenda ena ayambe afunsa adokotala.

Wina akayamba kusanza, ngozi yeniyeni ndi kugwera m'madzi pamene wasendera m'mphepete. Avale jekete yoyandamitsa, mnzake amugwire, kapena asanzire m'chidebe. Musamuseke. Akapitiriza kusanza mpaka kufooka, bwererani kumtunda, nsomba mudzazipeza tsiku lina.

Kumbukiraninso kuti zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuwedza pafupi ndi magombe ake n'koletsedwa pofuna kuteteza mbuna.

Kwa eni maboti, pempho langa n'lakuti muziwauza alendo zonsezi pamene akulipira, osati ali kale pakati pa nyanja. Mlendo amene wabwerako ali bwino, kampango ali m'manja, chaka chamawa amabwera ndi anzake.

Wowerenga wanu,
Monkey Bay, Mangochi